*CHIKALA SI MALO OJAMBULIRAPO ZITHUNZI CHABE*

Ndi ine uja, mwana wa msodzi wa ku Mposa, kunyanja ya Chilwa.

Dzana ndinaona zithunzi za anyamata ochokera ku Balaka atakwera pamwamba pa zipilala za Malape, zija ena amati Chikala Pillars, kuno ku Machinga. Mtima unandipweteka, ndiye ndati ndilembeko pang'ono.

Zipilala zimenezi si mwala wolimba ayi. Ndi mchenga ndi dothi zimene zinagwirana kalekale, ndipo mvula yakhala ikukokolola m'mbali mwake mpaka kusiya nsanamira zazitali zofiirira ngati zomanga munthu. Ineyo ndinakandapo ndi chala, mchenga n'kumayoyoka. Nanga phazi la munthu wamkulu?

Mwala weniweni uli kumtunda, paphiri la Chikala, ndipo mbiri yagona kumeneko. Malemu bambo anga akamapalasa bwato potuluka m'njedza ndi matemba awo, ankaloza phirilo n'kunena kuti limenelo linali linga la Kawinga. Ine ndinkangoti ndi nthano za akuluakulu, koma ayi ndithu, zinachitikadi.

Kawinga anali mfumu ya Ayao, ndipo anakhazika mudzi wake pamwamba pa Chikala chifukwa mdani sakanakwera osaonedwa. Mu 1891, chaka chimene Angerezi anayamba kulamulira dziko lino pansi pa Harry Johnston, Captain Cecil Maguire anabwera ndi asilikali a ku India kudzamuthira nkhondo. Phiri linawakanika, Maguire mwiniwake anavulala. Mu 1895 Kawinga anatsika kukamenya Mfumu Malemia, pafupi ndi mishoni ya Domasi. Apo boma linabwerera mwamphamvu ndi Alfred Sharpe, linga linagwa, Kawinga n'kuthawa. Koma ufumuwo sunathe, mpaka lero dzina la Kawinga likulamulirabe ku Machinga.

Tisabise mawu abale. Phiri lomweli limene linakaniza mzungu linalinso pamalonda a akapolo. Ena mwa ife makolo athu ankalilondera, ena makolo athu anakwezedwa kumeneko atamangidwa goli. Zonse ziwirizi ndi mbiri yathu, ana azimve zonse.

Tsono pempho langa ndi ili. Wofuna kuyesa mphamvu za miyendo akwere Chikala weniweniyo, atenge munthu wa m'mudzi womudziwa njira, ndipo amulipire. Koma Malape tiziyenda pansi, tizione ndi maso basi. Osakwera, osalembapo maina. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi 1995, madzi anabwerera, ife n'kuyambiranso kuponya maukonde. Chipilala chikagwa ndiye chagweratu.

Tumizani kwa ena, makamaka aphunzitsi amene amatenga ana kukaona malowa.