Mtanda ndi Botolo la Mankhwala: Mbiri ya Machiritso ku Ntcheu

Ambiri amayesa kuti pemphero ndi chipatala zakhala zikulimbana chiyambire. Mbiri ya kwathu kuno ku Ntcheu ikukana. Ine ndakalambira m'zipatala za mishoni, kulemba mankhwala ndi kubaya jakisoni, ndipo ndikunenetsa kuti mtanda ndi botolo la mankhwala zinafika kuno pamtolo umodzi.

Pa 25 Julaye 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, anakhazikika pa Nzama, m'dziko la mfumu Njobvuyalema. Iyi ndiyo mishoni yoyamba ya Akatolika imene inamera mizu m'Malawi, popeza ya ansembe a White Fathers kwa Mponda inatsekedwa mu 1891. Mu 1904 kunabwera asisiteri a Daughters of Wisdom. Pamenepo n'kuti mipingo ina itafika kale ku Livlezi, ku Gowa ndi ku Ntonda. Onsewa ankakangana pa za ubatizo ndi za Papa, koma pa chilonda cha pamwendo sankasiyana: kutsuka, kumanga, kenako kupemphera. Yendani lero ku Nzama, ku Nsipe, ku Mikoke, ku Gowa kapena ku Mlanda, mupeza chipatala pafupi ndi tchalitchi. Zipatala za mipingo zinapanga bungwe limodzi mu 1966, limene lero timalitcha CHAM, ndipo zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno.

Makolo athu, Angoni a kwa Gomani ndi Achewa omwe, nawonso sankalekanitsa ziwirizi. Sing'anga yemweyo ankakumba mizu, kutemera mphini, n'kuombezanso ula. Munthu akadwala pamudzi pankabuka mafunso awiri: chikumudya n'chiyani, nanga wachititsa ndani? Chipatala chinadza ndi yankho la funso loyamba lokha. Lachiwirilo boma la atsamunda linalitseka pakamwa ndi lamulo la 1911 loletsa mwavi ndi kuloza munthu ufiti. Funso lotsekedwa silifa. Cha m'ma 1933 ndi 1934 linatulukira mwa anyamata a mchape, amene anachokera ku Mulanje atanyamula magalasi ndi mabotolo a mankhwala ofiira. Ankandandalika mudzi wonse pamzere, kutolera nyanga ndi zithumwa, n'kumwetsa aliyense, ati ufiti utheretu. Anafalikira mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika. Maliro sanathe, ndipo mchapewo unazilala.

Dzinalo linadzukanso mu 1995, ndipo izi ndinaziona ndi maso. Billy Goodson Chisupe wa m'mudzi wa Chikamana, kufupi ndi Liwonde, ananena kuti analota mtengo wochiza Edzi. Ankaviika makungwa ake m'madzi n'kumapatsa anthu kwaulere. Ofufuza amati m'miyezi yochepa anthu pafupifupi 300,000 anakamwa madziwo. Malole ochokera ku Lizulu ndi ku Tsangano ankatsika ndi msewu wa M1, kukhota pa Chingeni kulowera ku Balaka, anthu akuimba nyimbo za m'tchalitchi. M'chipatala chimene ndinkagwira ntchito, magadiyani ankakulunga mphasa m'mamawa n'kunyamula odwala awo. Sindinawaletse. Ndikanawaletsa ndi chiyani? Chiyambire 1985, pamene Edzi inapezeka koyamba m'Malawi, m'kabati mwathu munalibe choletsa kachilomboko. Tinkangochiza chifuwa, kutsekula m'mimba ndi mashingozi, munthu n'kumapitirira kuwonda. Umboni woti madziwo anachotsa kachilombo m'magazi a munthu sunapezeke. Koma amene amaseka anthu a nthawi imeneyo sanagonepo m'chipinda chimene bedi lililonse linali ndi wa kaliwondewonde, wina pansi pake.

Mkangano weniweni unayamba mankhwala atapezeka. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere, ndipo tinaona anthu amene abale anali atawagulira kale nsalu akudzuka n'kukagwira khasu. Nthawi yomweyo aneneri a mafuta odzozera ndi madzi odalitsidwa anachuluka, ndipo ena mwa iwo anayamba kuphunzitsa chimene ansembe a pa Nzama kapena asing'anga a makolo sanaphunzitsepo: kuti kumeza piritsi ndiko kukayikira Mulungu. Mayi wina amene ndinkamupatsa mankhwala mwezi ndi mwezi anasowa. Nditakumana naye pamsika anandiuza akumwetulira kuti, "Adokotala, ine ndinachira, ndinaperekanso umboni kuphiri." Ndinamupempha kuti abwere tidzayeze magazi kuti umboni wakewo ulimbe. Anati kuyezetsa n'kumuyesa Mulungu. Anabwera ndithu, koma pa ngolo, ndipo tinamulandira mochedwa. Mu 2010 chikuku chitagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno, mipingo ina inkabisa ana kuti asabayidwe katemera.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mpingo wa Katolika, umene umatchuka ndi oyera ndi zozizwitsa, ndiwo umavuta kwambiri kuvomereza chozizwitsa. Louis-Marie de Montfort, mwini chipani chimene chinafika pa Nzama, anamwalira mu 1716, koma anatchedwa woyera mu 1947, ndi Papa Pius XII. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akati wachira kudzera mwa wina amene akuganiziridwa kukhala woyera, nkhaniyo imayamba yapita kwa madokotala. Iwo amafuna mapepala osonyeza kuti matendawo analipodi, kuti kuchirako kunali kwadzidzidzi, kwathunthu ndi kosabwerera, ndiponso kuti mankhwala amene anamwa sangakufotokoze. Ku Lourdes, ku France, kuli ofesi ya madokotala yochita zomwezi kuyambira 1883. Mwa anthu oposa 7,000 amene ananena kuti achira kumeneko, mpingo unavomereza pafupifupi 70 okha. Osapembedza amati ngakhale 70 amenewo ndi zinthu zimene sayansi idzazimvetsa mawa. Okhulupirira amati ndi chala cha Mulungu. Asiyeni atsutsane, onse awiri ayamba avomereza kuti wodwalayo apimidwe.

Dziko lathu linafika pa mfundo yomweyi kudzera m'maliro. Lamulo la HIV limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kufalitsa bodza pa za kachilomboka. Komabe wapolisi sangaime pa phiri lililonse la mapemphero kuchokera ku Biriwiri mpaka ku Kampepuza. Ntchitoyi ndi ya akulu a mpingo, amayi a mvano ndi a chigwirizano, ndi ife apabanja.

Ine ndimapemphera, ndipo odwala ambiri ndinawapempherera ndisanawabaye. Kwa abusa ndi aneneri a kwathu pempho langa ndi limodzi. Mukamva munthu akupereka umboni woti wachira, kondwani naye, kenako mumuperekeze kuchipatala ndi buku lake la zaumoyo, akamuyeze. Ngati Mulungu wachitadi, makina oyezera magazi sangafafanize ntchito yake. Ngati sanachire, mwapulumutsa nkhosa yanu ikadali ndi mphamvu yoyenda yokha.