Kuchokera pa lumo ndi guluu kufika pa foni: mbiri ya zithunzi zophatikiza

Pakhoma la nyumba ina kwa Limbuli ndinaona chithunzi cha banja: bambo, mayi ndi ana atatu, kumbuyo kwawo phiri la Mulanje lili njo. Nditachiyang'anitsitsa ndinazindikira kuti dzuwa likuwomba bambo kuchokera kumanzere, pomwe ena onse likuwawomba kuchokera kumanja. Bambowo ali ku Joni. Anatumiza chithunzi chawo pa WhatsApp, mnyamata wa kompyuta pa Chitakale n'kuwadulamo, n'kuwaimika pafupi ndi akazi awo. Banjali silinaimepo pamodzi chonchi, koma chithunzicho sichikhala ndi fumbi.

Ambiri amayesa luso limeneli labwera ndi kompyuta. Ayi ndithu, linayamba kamera ikadali khanda.

M'zaka za m'ma 1850, wojambula akatchera kamera kuti nyanja ioneke bwino, thambo linkangoyera mbuu. Gustave Le Gray wa ku France anapeza nzeru: ankajambula nyanja payokha, mitambo payokha, n'kutsukira manegetivi awiriwo papepala limodzi. Amene anayesapo kujambula thanthwe la Chambe ndi foni chiperoni chikungochoka akulidziwa vutoli. Phiri likaoneka, mitambo yapsa. Mitambo ikaoneka, phiri lada bii.

Mu 1857, Oscar Rejlander, wobadwira ku Sweden koma wokhala ku England, anaonetsa ku Manchester chithunzi chotchedwa The Two Ways of Life chomwe anachisoka kuchokera ku manegetivi oposa 30. Mfumukazi Victoria inagula chimodzi. Chaka chotsatira, Henry Peach Robinson anaphatikiza manegetivi 5 n'kupanga Fading Away, chosonyeza mtsikana ali kayakaya pakati pa abale ake. Ena chinawaipira, ati imfa si yojambula, ngakhale mtsikanayo ankangochita sewero.

Kwathu kuno, dzina loyamba kulikumbukira ndi la Mungo Murray Chisuse, yemwe anaphunzira ntchito yosindikiza pa mishoni ya Blantyre, n'kudzakhala katswiri wa kamera. Iyeyu anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915 m'dera lomwe panthawiyo linali m'boma la Mulanje, koma nkhope yake timayenda nayo m'thumba. Tulutsani K500 kapena K2,000 muone: nkhope, asodzi ali m'bwato ndi manambala, chilichonse chinachokera kwake, wina n'kuzisanja kuti zigwirizane. Ndalama nayonso ndi chithunzi chophatikiza.

Lumo lomweli linalowa m'ndale. Ku Germany, John Heartfield ankadula zithunzi za m'nyuzipepala n'kuzimata mwaluso pofuna kuyalutsa Hitler, ndipo mu 1933 anathawa m'dzikomo kupulumutsa moyo. Ku Soviet Union zinali zina: Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi, ataphedwa mu 1940, anamufafaniza pachithunzi chomwe anaima ndi Stalin m'mbali mwa ngalande ya Moscow. Pamalo pake panangotsala madzi. Kusiyana kwa awiriwa n'koonekeratu. Heartfield ankafuna kuti aliyense aone msoko. Anthu a Stalin ankaubisa.

Ife a m'midzi tinakumana ndi lusoli kudzera m'nsalu ya kusitudiyo. Unkavala suti yobwereka, n'kuima kutsogolo kwa nsalu yopentedwa mzinda wa nyumba zosanja, dzanja lili pa wayilesi yomwe si yako. Ku Ghana, Philip Kwame Apagya anatchuka m'zaka za m'ma 1990 ndi nsalu zoterezi: firiji yodzaza zakudya, ndege ikudikira. Palibe ankapusitsidwa. Wojambula ndi wojambulidwa onse ankadziwa kuti akujambula maloto.

Kenaka inafika kompyuta. Abale awiri a ku America, Thomas ndi John Knoll, anayamba pulogalamu yawo mu 1987, ndipo kampani ya Adobe inaitulutsa mu February 1990 ndi dzina la Photoshop. Chomwe chinasinthiratu ntchito chinadza mu 1994: ma layer. Tayerekezani mapepala oonekera mkati osanjikizana, lina lili ndi phiri, lina munthu, lina mawu. Ukalakwitsa limodzi, umangolichotsa, enawo osawakhudza. Ntchito yomwe inamutengera Rejlander masabata 6, lero mwana wa sekondale amaimaliza pa foni akudikira minibasi ku Muloza, pogwiritsa ntchito PicsArt kapena Canva.

Komatu kufulumira si luso. Mmisiri weniweni amadziwika ndi zinthu zazing'ono: tsitsi alidula bwanji m'mphepete, kuwala kukuchokera mbali imodzi kapena ayi, pansi pa nsapato pali mthunzi kapena munthu akuyandama. Makadi a ukwati, mapologalamu a maliro ndi maposita a oimba omwe ndimawaona ambiri amagwera pamthunzipa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi china. Achinyamata athu amakatapa pa intaneti nyumba za ku Dubai kuti aike kumbuyo kwa mkwati, chonsecho pakhomo pawo pali Sapitwa wa mamita 3,002, minda ya tiyi yomwe inayamba kubzalidwa kuno ku Mulanje mu 1891, mkungudza ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Inu anyamata ndi atsikana a kompyuta, lawirirani m'mamawa ku Likhubula mukadzijambulire nokha phiri dzuwa lisanakwere. Ndipo mukamaliza kuphatikiza, chithunzi choyambacho musachifufute. Mubwezereni mwiniwake pamodzi ndi chatsopanocho.