Abusa Osamukasamuka a ku Mongolia Pambuyo pa 1990

Abusa osamukasamuka a ku Mongolia ndi mabanja odalira ziweto amene amasamuka nazo kangapo pachaka kutsata msipu ndi madzi. Dziko lawo lili pakati pa Russia ndi China ndipo lili ndi anthu pafupifupi 3.5 miliyoni. Amaweta mahatchi, ng'ombe, ngamira, nkhosa ndi mbuzi, ndipo amakhala m'nyumba zozungulira zotchedwa ger, zimene amaphwasula n'kunyamula posamuka. Dzikoli litasiya ulamuliro wa chikomyunizimu mu 1990, abusa anapatsidwa ziweto zawozawo ndi ufulu wogulitsa, koma tsoka limene kale boma linkasenza nawo linatsala pamutu pa banja lililonse palokha.

Nthawi ya makoparetivu

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ziweto zambiri zinali m'manja mwa makoparetivu otchedwa negdel. M'busa ankaweta ziweto za koparetivu n'kumalandira malipiro, ndipo zakezake ankaloledwa zochepa chabe. Ufulu unali wopereŵera, koma chithandizo chinalipo: madokotala a ziweto, magalimoto osamutsa mabanja, zitsime zosamalidwa, nkhokwe za udzu wouma, sukulu zogonera komweko ndi msika wotsimikizika wa nyama ndi ubweya. Zambiri mwa izi zinkayenda ndi thandizo lochokera ku Soviet Union, lomwe linatha dzikolo litagwa mu 1991.

Kugawa ziweto

Pakati pa 1991 ndi 1993 makoparetivu anathetsedwa ndipo ziweto zinagawidwa kwa anthu. Malo odyetsera sanagawidwe: malamulo aakulu a dziko a 1992 anawasiya m'manja mwa boma, ndipo aliyense amadyetsapo. Pa nthawi yomweyo mafakitale ambiri a boma anatsekedwa, ndipo anthu otha ntchito anabwerera kumudzi kukayamba ubusa, ena osaudziwa bwino. M'zaka khumi mabanja oweta anachuluka kuwirikiza kawiri n'kupitirira. Ziweto zinakwera kuchoka pa 26 miliyoni mu 1990 kufika pa 33 miliyoni mu 1999, ndipo pofika 2019 zinali zitadutsa 70 miliyoni.

Pamene magalimoto a koparetivu anasowa ndiponso zitsime zambiri zitawonongeka, maulendo ataliatali anachepa. Mabanja anaunjikana pafupi ndi misewu, matauni ndi mitsinje, kumene kuli ogula, sukulu ndi chipatala.

Mbuzi ndi ndalama

Msika unasintha ngakhale maonekedwe a khola. Mbuzi za ku Mongolia zimamera ubweya wofewa wamkati wotchedwa cashmere, umene amaupesa chisanu chikamatha, ndipo dzikoli ndi lachiwiri kwa China poutulutsa. Mbuzi imodzi imapereka magalamu mazana ochepa chabe pachaka, choncho wofuna ndalama amachulukitsa mbuzi. Mu 1990 zinalipo pafupifupi 5 miliyoni. Pofika 2019 zinali zoposa 25 miliyoni.

Ndalama za ubweyawu zimabwera kamodzi pachaka, ndipo mtengo wake umadalira kwambiri ogula a ku China, amene amatenga wambiri usanakonzedwe mokwanira. Kuti adikire nyengo yogulitsa, abusa ambiri amatenga ngongole kubanki, chikole chake ziweto zomwezo. Ndalamazo amalipirira ana sukulu ndi kugula ufa, mafuta a njinga yamoto, foni ndi sola. Mtengo ukagwa, ngongole imatsala ili pomwepo.

Chisanu chopha ziweto

Mdani wamkulu wa m'busa ndi dzud, chisanu choopsa chimene nthawi zambiri chimatsatira chilala. Ziweto zimaloŵa m'nyengo yozizira zili zowonda, chipale chofewa kapena madzi oundana zimakwirira udzu, ndipo kuzizira kumafika madigiri 40 pansi pa ziro. Pakati pa 1999 ndi 2002 ziweto pafupifupi 11 miliyoni zinafa. M'chisanu cha 2009 mpaka 2010 zinafa zoposa 8 miliyoni, ndipo cha 2023 mpaka 2024 chinapha zoposa 7 miliyoni.

Tsokali siligwera onse mofanana. Mwini ziweto chikwi akataya theka amadzukanso, koma wa ziweto zana amatsala chimanjamanja. Ambiri otere amakamanga ger m'mphepete mwa mzinda wa Ulaanbaatar, umene tsopano uli ndi pafupifupi theka la anthu onse a m'dzikolo. Kumeneko ntchito n'zosowa, madzi ndi okatunga, ndipo utsi wa malasha otenthetsera nyumba umadwalitsa ana. Ena amapita kukakumba golide pamanja kapena kukafuna ntchito m'migodi ya m'chipululu cha Gobi, migodi yomwenso imalimbirana madzi ndi abusa otsala.

Poopa tsoka, banja lililonse limayesetsa kukhala ndi ziweto zambiri kuti zina zidzapulumuke. Nzeru imeneyi imathandiza banja limodzi, koma onse akaitsata msipu umatha, makamaka popeza dzikoli latentha ndi madigiri oposa 2 kuchokera mu 1940.

Njira zimene zikuyesedwa

Mu 2006 boma, mothandizidwa ndi World Bank, linayamba inshuwalansi ya ziweto imene imalipira potengera kuchuluka kwa ziweto zakufa m'dera lonse, osati m'khola la munthu mmodzi. Kuyambira 2021 kuli msonkho wa pa chiweto chilichonse, ndipo ndalama zake zimayenera kugwira ntchito yosamalira msipu ndi zitsime m'deralo. Abusa nawonso akupanga magulu ogwirizana za nthawi yodyetsa ndi yopumitsa malo, kusunga udzu wouma ndi kugulitsa ubweya pamodzi. Bungwe la United Nations, potsatira pempho la Mongolia, linasankha 2026 kukhala chaka choganizira malo odyetsera ziweto ndi abusa padziko lonse.

Ubusa wosamukasamuka sunathe ndi kubwera kwa msika, ndipo ukudyetsabe mabanja ambiri. Chimene zaka zimenezi zaonetsa n'chakuti kukhala mwini ziweto pakokha sikumuteteza m'busa: amafunikanso zitsime, nkhokwe za udzu, mtengo wabwino ndi mgwirizano wa momwe msipu wa onse ungadyetsedwere.