Limfoma ya M'chifuwa Yofalikira ku Mtima

Limfoma ya m'chifuwa yofalikira ku mtima ndi khansa ya maselo oyera a magazi yomwe imayamba m'anabele apakati pa mapapo, kenako n'kulowerera mumtima. Sichitikachitika. Imafika kumtima pomera molunjika kuchokera pachotupa cha m'anabelemo, kapena kudzera m'magazi ndi m'njira za anabele. Nthawi zambiri imagwira kathumba kokuta mtima, ndipo m'kathumbamo mumadzaza madzi amene amapanikiza mtima. Wodwala amabanika, amamva kupweteka pachifuwa, mtima umagunda mosalongosoka. Chotupa chikatsamira mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, nkhope ndi khosi zimatupa. Madokotala amaunika ndi echocardiogram, CT kapena MRI, koma chotsimikizira ndi kupima kachidutswa ka chotupacho. Chithandizo chachikulu ndi chemotherapy, ndipo madzi akachuluka amawapopa ndi singano.