Mmene Njinga za M'mapiri Zinayambira

M'chaka cha 1976, anyamata a ku Marin, m'chigawo cha California, pokhala analibe njinga zoyenera m'matanthwe, anatola njinga zakale za Schwinn, zolemera ndi zamatayala onenepa, natsika nazo phiri pa mpikisano wa Repack, kufikira girizi wa m'mabuleki atapsa ndi kufuka utsi. Pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, Joe Breeze, mmodzi wa anyamatawo, anawotcherera felemu yolimba mu 1977. Koma manja a okwerawo, amene ndimawamvera chisoni ndithu, anapirirabe kugwedeza kwa miyala kufikira 1989, pamene Paul Turner anayambitsa kampani ya RockShox, napanga foloko ya mpweya ndi mafuta yomeza mabampu. Mu 1990 kampani ya Shimano inatulutsa mapedulo a SPD, ogwira nsapato kuti phazi lisapulumuke potsetsereka.