Chikole Chosowa Kochibwezera

Amayi anga aakulu, achemwali awo a mayi anga, anabadwira pamalo a mzungu ku Thyolo. Inu adzukulu anga mukamva za thangata mumangoganiza za khasu ndi chikoti cha kapitawo. Zimenezo zinaliko ndithu. Koma thangata ankalowa mpaka m'nkhani za ukwati, momwe ngakhale amfumu salowamo asanaitanidwe.

Makolo athu anali Alomwe. Anatsika kuchokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, atatopa ndi msonkho wa Apwitikizi, ntchito yokakamiza ndi kumenyedwa m'manja ndi thabwa. Atafika kuno anapeza dziko lili kale ndi eni ake. Amang'anja ndi Ayao anali ndi midzi yawo, ndipo malo aakulu a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba anali atalembedwa pamapepala kuti ndi a azungu. Mzungu ndiye anawalandira ndi manja awiri, poti ankafuna anthu omulimira. Mangani apa, limani apo, koma lendi yake mudzalipira ndi thukuta. Ndipo thukutalo ankalifuna nthawi ya dzinja, pomwe munda wako nawo ukulira kupalira. Anzathu a m'midzi ya mafumu ankatitcha Anguru, n'kumati timadya njoka. Dzina limeneli linadzachoka m'mabuku a boma m'zaka za m'ma 1940, a Lewis Bandawe ndi anzawo atalimbana nalo, koma pakamwa pa anthu linachedwa kuchoka.

Patsidya pa kamtsinje, pamalo a mzungu yemweyo, panali mnyamata, mwana wa mayi wamasiye. Anakulira limodzi ndi amayi aakulu m'mizere ya tiyi. Kuthyola tiyi kumafuna zala zachangu, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuponyera m'dengu kumsana, mpaka dzuwa kupendeka. Amayi aakulu sanali achangu. Dengu lawo linkafika pasikelo lili lopepuka, ndipo tsiku lotere kalaliki sankadinda tikiti. Ndiye mnyamata uja anayamba kumadutsa kumbuyo kwawo ngati akupita kukamwa madzi, n'kumakhuthulira masamba odzaza manja awiri m'dengu lawo, osalankhula kanthu, osayang'ana n'komwe. Anachita zimenezi dzinja lonse. Iwo ankati anadziwira pomwepo, mawu asanatuluke.

Atatha msinkhu n'kuvinidwa, mnyamatayo anatsata njira yake yoyenera. Anadzera kwa anganga, anganga anauza atsibweni, ankhoswe a mbali zonse anakumana. Anapereka chikole: chingwe cha mikanda yoyera ndi yofiira, ndi sheleni imodzi. Anayamba kulimira apongozi ake monga mwa mwambo, ndipo anthu ankamuyamikira kuti mzere wake suchita kubwerezedwa. Ankadziwanso kuluka malichero ndi kuimba ng'oma ya tchopa. Anali atasankha kale pomanga nyumba, kumunsi kwa nkhokwe ya anganga, pafupi ndi nthochi.

Tsono tamverani pamene panagona nkhani. Kwathu mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, kukamanga pamudzi pa apongozi. Koma mu 1928 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la anthu okhala pamalo a azungu. Lamulo limenelo linkati mwana wamwamuna akakwana zaka 16 alibenso ufulu wokhala pamalo pomwe anabadwira, pokhapokha mwini malo atalola. Linkatinso mwini malo angathe kukana mwamuna wofuna kudzakwatira mwana wamkazi wa pamalopo. Ndiponso pazaka zisanu zilizonse ankaloledwa kuthamangitsa banja limodzi pa mabanja khumi alionse popanda kunena chifukwa. Taganizani, anthu a chikamwini kuwaikira lamulo lotere. Ankhoswe akhoza kugwirizana, mbumba yonse kululutira, koma mawu otsiriza anali a munthu amene sankadziwa n'komwe kuti mtsikanayo ndi wamtali kapena wamfupi.

Mzungu wa pamalo pathu nthawi imeneyo ankakuza minda ya tiyi, ndipo nyumba zatsopano sankazifuna. Nyumba yatsopano imabwera ndi munda, mbuzi, nkhuni ndi ana. Iye ankakonda amuna a m'komboni, obwera okha kuchokera kutsidya kwa malire, ogwira miyezi ingapo n'kubwerera, osapempha pomwe angadzale nandolo.

Atsibweni ndi mnyamata uja analawirira ku ofesi atanyamula tambala wa kapitawo wamkulu. Kapitawo analandira tambala, n'kuwauza kuti adikire pansi pa mtengo wa bulugamu. Anakhala chonjuta pamenepo, zipewa zili m'manja, kufikira dzuwa lili pamutu. Kenako kalaliki anatulutsa buku lalikulu lachikuto chakuda, nanyowetsa chala ndi malovu, n'kumatsitsa chalacho mzere ndi mzere. Anapeza dzina la mayi wamasiye uja. Pansi pake panali dzina la mnyamatayo, litadulidwa kale ndi inki yofiira.

"Uyu zaka zake zinakwana kale," anatero kalaliki. "Pano akungokhala mwachifundo."

Atsibweni anaomba m'manja. "Bambo, mwanayu anabadwira pompano. Mchombo wake unakwiriridwa patsidya apo. Tikungopempha pomanga kanyumba."

Kalaliki analowa m'kati. Mzungu sanatuluke. Yankho linadzera pazenera, kuti chaka chino kulibe nyumba yatsopano, ndipo mnyamatayo akafuna ntchito akagone kukomboni ndi amuna anzake. Tambala uja sanabwerere.

Mufunsa kuti bwanji sanangowatenga amayi aakulu n'kupita nawo kwawo, monga amachitira a chitengwa. Kwawo kuti? Kwa mayi ake kunali pamalo a mzungu yemweyo. Kwa bambo ake kunali ku Mozambique kumene anathawako. Anayenda ndi nkhoswe yake m'midzi ya mafumu kupempha malo, mpaka cha ku Chiradzulu. Mfumu ina inawalandira bwino, inawaphikira, koma inawalozera mapiri olimidwa mpaka pamwamba, n'kunena kuti adzukulu ake enieni akulimbirana kamunda kamodzi. Inawauza kuti mlendo ndi mame, angagone masiku angapo koma asazike nsichi. Mfumu imeneyo ine sindiida. Nthaka yabwino inali kuseri kwa malire a azungu, ndipo anthu onse anapanikizana pamiyala.

Amene ndimawadandaula ndi atsibweni athu. Mnyamatayo anapempha kuti apite ndi bwenzi lakelo ku Limbe, akayese moyo wa m'tauni. Atsibweni anakaniratu. Amayi aakulu anali mwana wamkazi woyamba, tsinde la mbumba, woyenera kudzasunga munda wa anganga ndi manda a makolo. Ankati mwana wamkazi woyamba sachoka pamudzi. Koma mudzi wake uti, poti ngakhale mtengo wa mapaso sitinkadula osapempha? Anamusunga mwanayo kuti alondere nthaka imene sinali yathu.

Mu 1938 mnyamata uja anaganiza zopita ku Halale. Masiku amenewo anyamata ambiri ankatero, poti msonkho wa masheleni 6 sunkafunsa ngati uli ndi munda kapena ayi. Ena ankalembedwa ndi Wenela wa kumigodi ya ku Joni, ena ankangoyenda pansi m'magulu, kudzera ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka ku Mutoko, akugona pamoto chifukwa cha mikango. Iye anapita wapansi. Maganizo ake anali oti akagule makina osokera, adzakhale telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe, chifukwa telala safuna munda, ndipo mwamuna wobwera ndi makina ndi njinga atsibweni sakanamukananso.

Anatsanzikana pamtsinje mbandakucha. Amayi aakulu anamumangira kamba wa paulendo m'masamba a nthochi: chigumu, mbatata zootcha ndi chinangwa chouma.

"Mundidikire zaka ziwiri," anatero iye.

"Pitani, mudzandipeza pompano," anayankha iwo. "Nanga ine n'kupita kuti?"

Chaka chotsatira munthu wina wobwerera kumudzi anafika ndi bulangete ndi kalata. Anapita nayo kwa aphunzitsi a kumishoni kuti awawerengere, poti m'banja mwathu munalibe wodziwa kuwerenga. Inkati ali pafamu ya fodya pafupi ndi Marandellas, komwe lero amati Marondera, ali bwino, ndalama akusunga m'kachitini, apereke moni kwa apongozi. Mawu achikondi munalibe, poti kalata yowerengeredwa ndi munthu wina suikamo za mumtima. Bulangetelo ndilo linanena zonse.

Kenako kunayamba nkhondo ya Hitler. Anyamata ena anatengedwa usilikali wa KAR, ndipo njira za makalata zinasokonekera. Chaka chothamangitsa anthu chitafika, mayi wamasiye uja anali m'gulu la ochotsedwa, popeza m'nyumba mwake munalibenso mwamuna wogwira thangata. Anasenza mtondo ndi mphasa, nalowera cha ku Mulanje. Pomwe panali nyumba yake anadzalapo tiyi. Kuchokera pamenepo, zii.

Zaka ziwiri zinakhala zinayi. Anthu anayamba kunena kuti watchona. Atsibweni anabweretsa mwamuna wina, mlonda wa pafakitale, wamkulu ndithu, yemwe mkazi wake anamwalira. Ubwino wake unali umodzi: dzina lake linali m'buku lakuda lija, losadulidwa. Amayi aakulu analira masiku angapo kukuka kwa anganga, kenako anavomera, chifukwa banja lopanda mwamuna wogwira ntchito ndilo linkayamba kuthamangitsidwa, ndipo kumbuyo kwawo kunali azing'ono awo anayi.

Mwambo umati mtsikana akasintha maganizo chikole chibwezedwe. Ankhoswe anatenga mikanda ndi sheleni ija, nawoloka mtsinje, koma anangopeza mizere ya tiyi. Anafunsa kukomboni, anafunsa kumsika, osapeza ngakhale msuweni woti alandire. Anabwera nacho. Amayi aakulu anachikulunga m'kansanza n'kuchisomeka patsindwi, ndipo denga likamafoleredwa mwatsopano ankayamba achichotsa okha. Amuna awo ankadziwa, koma sanafunsepo.

Sanali munthu woipa mlondayo, kungoti kachasu. Pa njala ya 1949, mvula itadula chimanga chili m'mawondo, iye anati akukafuna chakudya kwa abale ake, monga anachitira amuna ambiri chaka chimenecho. Sanabwerenso. Ine ndinali kamwana, koma ndikukumbukira amayi aakulu akusinja tsinde la nthochi, akusefa gaga kawiri kuti pasatayike kanthu, akutigawira phala ndi chipande chimodzi, ana awo ndi ife a mng'ono wawo mofanana. Iwo ankadya chotsalira m'mphika.

Zinthu zinadzasintha, koma mochedwa. A Sidney Abrahams atafufuza za malo mu 1946, boma linayamba kugula malo ena kwa azungu, ndipo mbali ya kwathu inagulidwa nawo. Mu 1953 ku Thyolo kunabuka chipolowe pa nkhani yomweyi ya malo ndi lendi, anthu anafa. Mu 1962 thangata anatha. Mkamwini woyamba kumanga pamudzi pathu osapempha kwa mzungu anali agogo anu aamuna. Amayi aakulu ndiwo anamweta udzu wa denga lathu, ndiwonso anazira pansi, osalola wina kuwathandiza. Madzulo ake anandiitanira m'nyumba mwawo, natsitsa kansanza kaja, n'kundiuza zonsezi kuyambira pa dengu la tiyi. Kuyambira pamenepo nyumba iliyonse ya mkamwini watsopano ankazira ndiwo, mpaka msana unawakanika. Anamwalira chaka cha chilala cha 1992.

Nkhaniyi ikanathera pamenepo, koma mafamu a azungu atayamba kulandidwa ku Zimbabwe m'chaka cha 2000, antchito a m'mafamumo anabalalika, ndipo ambiri mwa iwo anali ana a matchona. Tsiku lina kunafika bambo wa imvi zapatalipatali, atanyamula chikwama chimodzi, akulankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chishona. Anatulutsa kapepala kothetheka komwe bambo ake analembetsa asanamwalire. Panali dzina la esiteti, dzina la kamtsinje kathu, ndi dzina la amayi aakulu. Bambo ake anamuuza kuti zikadzavuta adzapite kumeneko akafunse mayi ameneyu. Iye ankayesa kuti ndi azakhali ake. Ndinamukhazika pamphasa, ndinamuphikira, kenako ndinamuuza zoona. Anati bambo ake makina osokera anagula ndithu, ndipo ankasokera anzawo a pafamu Lamlungu lililonse. Anamva kwa anthu obwera kuchokera kumudzi kuti mayi awo anachotsedwa ndipo bwenzi lawo linakwatiwa, ndiye sanaonenso chobwererera. Anakwatira atakula kale, mkazi wobadwira pafamu pomwepo.

Tinapita naye kwa amfumu. Amfumu anamufunsa kuti mayi ake ndi a mbumba iti, poti kuno mwana ndi wa kwa mayi. Iye anati ku Zimbabwe anamuuza kuti mwana ndi wa kwa bambo, apite kwa bambo ake ku Malawi, ndipo chitupa chake cha kumeneko chinalembedwa kuti ndi mlendo ngakhale anabadwira konko. Amfumu anapukusa mutu, nati malo ogawa anatha kale.

Ine ndinamubwereka dimba la amayi aakulu. Alongo anga anakwiya, ankati ndikugawa nthaka ya mbumba kwa munthu wosadziwika, ndipo nkhani inafika pabwalo. Ndinaima ndekha pamenepo, ndinanena kuti bambo a munthuyu analimira anganga athu dzinja lathunthu osalandira kanthu, ndiye ngongole ili kwa ife. Bwalo linagamula kuti alime chaka chimodzi. Anadzala tomato ndi mpiru, anagulitsa pamsika wa Bvumbwe, ndipo ndalama zake anakwerera basi ya ku Johannesburg, komwe kunali mwana wake wamkazi.