Mwambo wa tiyi wa ku China udayamba ndi kuthamangitsa tulo

Kalekale ku China tiyi ankamuphika ngati msuzi. Ankathiramo anyezi, jinja ndi makoko a malalanje, n'kuwiritsa mpaka atatheratu. Masambawo adawadziwa kale ndithu: m'manda a mfumu Jing, yomwe idamwalira m'chaka cha 141 BC, akatswiri adapezamo zotsalira za tiyi. Koma zoti munthu angakhazike mtima pansi ndi kapu ya tiyi zidadza mochedwa, kudzera mwa amonke achibuda.

Pakati pa zaka za 713 ndi 741, mphunzitsi wina pa kachisi wa Lingyan, kufupi ndi phiri la Tai, ankaletsa ophunzira ake kugona ndi kudya chamadzulo panthawi yosinkhasinkha. Tiyi yekha ndiye ankaloledwa. Amonkewo sankafuna mpumulo, ankalimbana ndi tulo.

Amene adasandutsa zimenezi kukhala mwambo ndi Lu Yu, wobadwa mu 733, mwana wotayidwa yemwe adaleredwa ndi amonke ku Jingling, m'chigawo cha Hubei chalero. Ali mnyamata adathawako n'kukalowa gulu la azisudzo. Cha m'ma 760 adalemba buku la mitu 10 lotchedwa Chajing, ndipo tiyi wa anyezi uja adamunyoza kotheratu. Iye ankalola kamchere basi.

Ntchito yake inali ya munthu wosapupuluma. Tiyi wa nthawiyo ankaumbidwa timibulu touma. Wophika ankawamba kambuluko pamakala, n'kukapera, n'kusefa. Madzi a m'phiri ndiwo anali abwino, a mumtsinje apakatikati, a pachitsime otsalira. Kenako maso onse pamphika. Tinthovu toyamba tikaoneka, athire mchere. Madzi akayamba kutumphuka m'mbali, atungeko chikho chimodzi n'kuika padera, atakase, athire ufa wa tiyi pakati. Akawira mwamphamvu, abwezeremo chikho chija kuti atsike. Munthu wochita izi alibe mpata woganizira ngongole zake, ndipo ine ndikuona kuti bata la tiyi lagona pamenepa kuposa m'masamba enieniwo.

Pambuyo pake mafumu a ufumu wa Song adaonjeza ulemerero mpaka kunyanya. Ufa wa tiyi ankaupukusa m'mbale ndi kaburashi kansungwi kufikira thovu litayera mbee, ndipo anthu ankapikisana: amene thovu lake layamba kuphwa, wagonja. Mfumu Huizong idalemba yokha buku la tiyi mu 1107. Inali katswiri pa zojambula ndi zolembalemba, koma ufumu udaipulumuka m'manja. Mu 1127 ankhondo a mtundu wa Jurchen adalanda mzinda wa Kaifeng n'kuitenga ukapolo. Kapukusidwe ka tiyi kaja kadapulumukira ku Japan, komwe mmonke Eisai adabwerera nako mu 1191.

Timibulu tachifumu, tosindikizidwa chithunzi cha chinjoka, tinkakhetsa thukuta la alimi a ku Fujian. Mu 1391 mfumu Hongwu, yobadwira m'banja la alimi osauka ndipo idakhalapo kukachisi paunyamata, idalamula kuti msonkho wa tiyi uzibwera ngati masamba wamba. Lamulo lochepetsa ntchitoli lidasintha kamwedwe konse. Masamba amafuna kuviikidwa, choncho matipoti adothi a ku Yixing, m'chigawo cha Jiangsu, adatchuka.

M'menemo ndimo mudatuluka gongfu, kamwedwe ka ku Chaozhou ndi ku Fujian. Tipoti yake imakwana m'dzanja, timakapu n'tongopyontha kawiri katatu. Mwini nyumba amatsuka zonse ndi madzi otentha, amadzaza masamba a tiyi wa mtundu wa oolong, amaviika masekondi ochepa, n'kuthira mozungulira kuti kapu iliyonse ilandire mofanana. Masamba omwewo amawaviika kangapo, kakomedwe kakusintha ulendo uliwonse. Ku Chaozhou makapu amakhala atatu ngakhale alendo achuluke, ndiye anthu amapatsana mpata, akulu ndi alendo patsogolo.

Zoyatsa lubani, kuika maluwa ndi kumwa mwakachetechete, zomwe ambiri amaziyesa zamakedzana, zidakonzedwanso m'nyumba zomwera tiyi za ku Taiwan m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, kenako n'kuwolokera ku China. Mu 2022 bungwe la UNESCO lidaika kakonzedwe ndi kamwedwe ka tiyi wa ku China pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa.